Mkamwana Patsogolo, Ine Pambuyo

Lachiwiri, 6 Meyi

Malta. Sabata yatha chifikireni kwa mwana wanga Hudson. Chilumba cha miyala yokhayokha, nyumba pamwamba pa nyumba inzake. Ng'ombe sindinaonepo ndi imodzi yomwe. Mkaka uli mbwee m'mashopu, koma mwini mkakayo saoneka. Ndinafunsa chambiko, anandipatsa kanthu ka m'kapu kotsekemera ngati mankhwala a ana.

Kope ili wandigulira Hudson kuti ndisamangoyang'ana khoma. Sukulu sindinapondeko ine, ndipo sindidandaula. Zilembo ndinaziphunzira pa geti la mgodi ku Kayelekera, kwa mlonda mnzanga wa ku Dedza. Nchifukwa chake dzanja langa limalankhula Chichewa pomwe pakamwa pali Chinkhonde.

Vuto m'nyumba muno ndi limodzi. Ndi yaing'ono, ndipo muli mkamwana. Mkazi wa Hudson, amake Esime, kwawo ku Mangochi. Kwathu mkamwana ndi bambo wa mwamuna wake saonana nkhope. Akamva kuti ukubwera amapatuka, amagwada kumbali, nsalu kumutu. Amayi anga anakalamba osadziwa ngati agogo anali ndi ndevu. Ulemu ndi umenewo. Koma awa sapatuka. Pa bwalo la ndege anabwera atatambasula manja kuti andikumbatire. Ndinathawira kuseri kwa ngolo ya masutikesi a eni.

Tsono popeza iwo sathawa, ndikuthawa ndine. Ntchito ya anthu awiri, pa msinkhu wangawu.

Lachinayi, 8 Meyi

Ndakonza zinthu bwino. Ndikafuna kutuluka m'chipinda ndimayamba ndatsokomola mwamphamvu. Chakudya ndimadyera pa kakhonde, pakati pa zovala zoyanika. Ndikafuna kanthu ndimatuma Esime, mdzukulu wanga, amene sanayambe nkukwawa komwe. Lero ndinati, “Esime, uwauze amayi ako kuti mchere wachepa.” Mwana anandilavulira phala. Mchere unabwera ndithu, koma unatera pa tebulo mwamphamvu mpaka supuni inadumpha.

Dzulo tsoka. Ndalowa mu lifiti, chitseko chisanatseke nawonso alowa ndi majumbo a zogula. Ndatembenukira kukhoma. Khoma lake galasi! Ndatembenukira kwina, galasinso. Akamwana mbali zonse. Ndinatsinzina mpaka ndinapitirira, ndinakatsikira pamwamba penipeni kwa mzungu wa galu wamkulu.

Bondo lakumanzere likuwawa pang'ono. Sindinauze munthu.

Lachisanu, 9 Meyi

Hudson wandikhazika pansi asanapite ku ntchito yake yosamalira nkhalamba. Nkhalamba za eni amazisambitsa, ya kwawo amaikalipira. Akuti amake Esime analira. Akuti Disembala sabwera kwathu ku Ngara, ndipo mwana sapita kopanda amayi ake. Mawu awo akuti ndi awa: “Ndikatani kumudzi kwa munthu amene nkhope yanga imamunyansa?” Akuganiza kuti nchifukwa choti ndi Asilamu.

Chisilamu chalowa pati apa? Sopo ndi shuga ndakhala ndikugula kwa a Salimu pa Uliwa chiyambire, maliro a akazi awo ndinagona nawo pa siwa. Ndinamuuza Hudson kuti akafotokoze mwambo. Akuti anafotokoza kalekale, iwo nkuyankha kuti ulemu wothawa munthu ngati ali ndi mphere sanaumvepo.

Mphere! Ulemu wanga wonsewu.

Koma za Disembala zandikhala pamtima. Mkazi wanga Dora sanamunyamulepo mwanayu. Kadiresi anasoketsa kale, mpunga wa alendo anaika padera, nkhuku yake ikunenepa. Ndikabwerera ndi uthenga woti sabwera chifukwa cha ine, ndizikadyera kuti?

Kenako Hudson wasintha nkhani. Akuti mawa kuli gulu la alendo lokayenda wapansi tsiku lonse ku Gozo, kachilumba kena kapafupi, ndipo wandilembetsa kale. Ndafunsa ngati kuli maliro kapena msika. Akuti palibe, amangoyenda nkubwerera pomwe anayambira, ndipo amalipira. Kulipira kuti utope! Ndinakana. Iye nkuti, “Nzoona Tata, mwina simungathe, kumapita azungu olimba.”

Ine? Amene ndinkakusa ng'ombe kuchoka ku Ngara mpaka pa Boma wapansi, nkubwerako nkukalima? Jekete ndasita kale.

Loweruka, 10 Meyi, m'sitima

Hudson wanditchera msampha. Wandisiya pa doko nkuthawa. Wotsogolera gulu, wa kambendera kofiira, wa chipewa ndi thalauza, ndi amake Esime. Kani ntchito yawo ya Loweruka ndi imeneyi. Ine ndimati alawirira ku msika. Nawonso sankadziwa. Powerenga mayina anafika pa dzina langa, “Manase,” nkuyamba kumwazamwaza maso. Ndinayankha ndili kuseri kwa mzati.

Azungu akungolitchula dzina lawo ngati la minibasi. Ine sindilitchula, nkulemba komwe ayi.

Anzanga apaulendo: nkhalamba zofiira, makabudula, munthu mmodzi ndodo ziwiri ngati miyendo anabwereka. Ine jekete, tayi, nsapato za ku tchalitchi, ambulera. Munthu sayenda ndi alendo atavala ngati akukadula bango. Mayi wina wandijambula. Ali ndi maso ameneyo.

Sitima ndi yaikulu, imameza magalimoto, koma ulendo wake sungamalize nchinangwa chomwe. Malamulo aperekedwa m'Chingerezi, kenako m'Chichewa cholunjika ku mzati wanga: aliyense aziyang'ana wotsogolera, aliyense aziyenda pambuyo pake.

Pambuyo pa mkamwana wa thalauza. Tsiku lonse. Mulungu wa Abrahamu.

Tsiku lomwelo, masana, pamthunzi wa khoma la miyala

Poyamba ndinati ndiyende patsogolo, ndiwasiye kumbuyo, maso anga aziona njira yokha. Njirayo sindikuidziwa, koma njira ndi njira. Azungu angapo ananditsata, kaya chifukwa cha tayi. Tinakathera m'munda wa tomato wa bambo wina wamfupi, amene anatilalatira m'chilankhulo chake. Ine ndinamuyankha m'Chinkhonde. Tinamvana bwinobwino. Wezulo inalira kutali, tinabwerera. Tomato wake ndi wabwino, koma akubzala mothithikana.

Tsopano ndikuyenda kumapeto kwa mzere, ambulera yotambasula nditaigwira kutsogolo ngati chishango. Ndikuona zidendene zokha za amene ali patsogolo panga, a Morton, Mngerezi wamtali wa maondo aubweya. Ndawasankha kukhala nkhoswe. Ndinakweza mawu kuti, “A Morton, auzeni atsogoleri kuti akuthamanga kwambiri, si mpikisano uno.” A Morton anati m'Chingerezi chawocho, “Lavuli.” Kutsogolo kunachokera yankho: “A Morton, auzeni kuti ambulera ikubaya anthu m'makutu.” A Morton anatinso, “Lavuli.” Nkhoswe yabwino ngati iyi sindinaionepo. Za kwathu zimawonjezera zawo.

Taona maenje osema pa thanthwe oumitsiramo mchere. Onse kujambula mchere. Nyanja yawo ndaiyesa ndi chala, ng'ombe singamwe, ndiye ndamvetsa tsopano. Mayi wondijambula uja akununkhiza tchire lililonse nkumatseka maso.

Chakudya cha gulu: buledi wolimba ngati chidendene ndi kachizi ka nkhosa. Ine ndinakhala patali, mano anga ndikuwadziwa. Ndinamva mapazi, ndinatsitsa ambulera. Kontena inaikidwa pa mwala pafupi nane, ndipo mawu anati, “Mwala iwe, uwauze adye, kutsogoloku nkotsetsereka.” Mpunga ndi nyemba. Mchere wake wokwana. Ndinauza mwala kuti zikomo.

Bondo likulankhula.

Lamulungu, 11 Meyi

Ku tchalitchi sindinapite. Thalauza lake palibe.

Ndilembe mwadongosolo. Titadya, njira inatsika m'mbali mwa phompho, kumanja thanthwe, kumanzere mphepo ndi nyanja pansi penipeni. Ena onse nsapato za mano. Zanga zosalala ngati mbale. Ambulera ili kutsogolo, sindikuona popondapo. Mphepo inalowa mu ambulera, inanditembenuza, inandikoka ngati ng'ombe yaliuma. Ndinaterereka ndi matako mpaka pa kashelefu ka mwala m'munsi mwa njira. Ambulera inapitiriza ulendo yokha. Ndinaiona ikutera pamadzi bwinobwino, yotambasula.

Bondo gwa. Kudzuka osatheka. Pamwamba azungu phokoso.

Ndinamva wina akutsika, timiyala tikugwa. Ndinadziwa mapaziwo. Ndinatsinzina, nkhope ku thanthwe. Ndinati, “Thanthwe iwe, uwauze aitane mwamuna.” Anayankha okha, osadzera kwa thanthwe: “Mwamuna ndi a Morton, akusanza uko. Bambo, kuti mukwere muyenera kuona pomwe ndikuloza ndi pomwe pali dzanja langa. Wotsinzina sindimukoka. Tigwa tonse, Esime aleredwe ndi Hudson, amene sadziwa nkuphika phala komwe.”

Ndinati ndidikira. Anati chabwino. Anakhala pansi pambali panga, pa kashelefu komweko, anatsegula kapepala ka mtedza nkuyamba kudya. Kukukuta ndithu, mkamwana, pafupi ndi khutu langa. Anati sitima yomaliza ikatisiya tigona pompo, ndipo iwo amaliza nkonono.

Tinakhala. Mwendo unayamba dzanzi. Kenako kukukuta kunaleka. Anati, motsitsa mawu, “Bambo anga anamwalira ndili wamng'ono. Nditakwatiwa ndinati ndapeza ena. Ndapeza chifuwa chotsokomola kuseri kwa chitseko.”

Apa panalibenso mwala woutuma.

Ndinatsegula diso limodzi, kenako linzake. Kankhope kakang'ono, thukuta, mkwiyo, khungu la mtedza pa mlomo. Ndipo chipumi! Chipumi cha Esime chija ndakhala ndikuuza anthu pa foni kuti ndi cha kwathu, kani ndi cha ku Mangochi. Zimenezi zinandiwawa kuposa bondo.

Analoza: phazi apa, dzanja apa. Ndinagwira dzanja lawo. Mphamvu ngati wokoka khoka. Ndikukwera, thalauza linalira kumbuyo, kuchokera m'chiuno mpaka pansi. Iwo osaseka. Anatulutsa chitenje m'chikwama, anandipatsa akuyang'ana kumbali. Apa pokha ndiye anayang'ana kumbali, ndipo anachita bwino.

Azungu anaomba m'manja. A Morton anandikumbatira akununkha. Njira yotsalayo ndinayenda kutsogolo, pambali pa kambendera, jekete, tayi, chitenje cha maluwa achikasu, ndodo imodzi ya a Morton. Pa doko ndinathokoza m'Chinkhonde, ndinati, “Ndagha.” Anafunsa kuti ndikuuza ndani, iwo kapena mzati. Ndinati, “Inuyo.”

Kumwamba sikunagwe. Ndinakuyang'ana kangapo.

Lachiwiri, 13 Meyi

Chithunzi chafika ku Ngara ine ndisanafike. Mayi wonunkhiza tchire uja anatumizira gulu lonse, Hudson nkuchiponya kumudzi. Ine m'chitenje, dzanja m'dzanja la mkamwana. Mwana ameneyu ndinamulera ndekha, sindikudziwa chinalakwika nchiyani.

Mng'ono wanga Yotamu watumiza mawu pa foni, aatali ngati ulaliki. Akuti ndachititsa manyazi mtundu, akuti akulu akhale pansi ndikabwera. Akulu ake ati? Wamkulu ndine. Dora naye watumiza ake. Mulibe mawu, kuseka kokhakokha, mpaka kutsokomola, kenako nkhuku, kenako kusekanso.

Ndikudyera pa tebulo tsopano. Maso sindidziwa powaika, nthawi zambiri ndimayang'ana botolo la mafuta. Ndipo kani munthu ukamutsegulira amakhala ndi nkhani! Akuti thaulo lonyowa ndisamaike pa bedi. Akuti shuga ndikuthira wambiri. Akuti bondo likaonedwe ku chipatala Lachinayi, andiperekeza okha pa basi. Kale ndinali pa mtendere pa khonde paja.

Esime ntchito yamuthera. Akungondiyang'ana.

Lachitatu, 14 Meyi

Ndafunsa ndekha, pakamwa panga, tikumwa tiyi. Za Disembala.

Anaika kapu pansi. Akuti abwera, koma ku Ngara sakalowa m'nthochi pothawa munthu, sakadzera njira ya kuseri, ndipo akapereka moni kwa aliyense ali chiimire nkhope ili poyera. Chitenje akavala, kugwada kwa amayi akagwada, zimenezo ngakhale ku Mangochi ziliko. Koma ngati kumudzi ndikawatembenukirenso msana pamaso pa abale anga, ndinene lero lomwe asagule matikiti.

Ndinaganiza za Yotamu. Za amuna a pa bawo pansi pa mango. Za amayi anga. Tiyi anazizira.

Ndamuimbira Dora. Ndati auze Khumbize, mwana wa mlongo wanga, alambule njira ya kumaso, yochokera ku msewu, aikuze ndithu. Pa siteji ndikawachingamira ndekha, chikwama ndikanyamula ine, masana dzuwa lili pamutu. Yotamu ngati sakufuna kuona, nthochi ndi zambiri, akalowemo iyeyo.

Dora wati wamva. Kenako wafunsa ngati mkamwanayo ndi wokongola. Ndati sindinaonetsetse, kunali mphepo.

Ndikaonanso pa chakudya chamadzulo.