Goloboyi Mukumusakayo

Barking, London
10 Novembala 2024

Okondedwa achimwene a Biswick,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino, inu ndi alamu ndi ana onse. Nanga mwendo wa amayi uli bwanji? Paja mvula ikamayandikira umayamba kuwavuta. Ife kuno tilipo, kungoti kuzizira kwabwera msanga chaka chino, ndipo ikamakwana folo koloko dzuwa limakhala litatsanzika kale.

Musadabwe kuti ndalemba papepala pamene tonse tili ndi mafoni. Pafoni inu simupatsa munthu mpata. Ndikanena mawu awiri, mwanena khumi, kuseka pamwamba. Nkhani iyi ikufunika muiwerenge mutakhala pansi. Ndapatsira a Wezzie, anesi anzanga amene akubwera kumudziko Lachiwiri, ndipo alonjeza kuti aisiya m'manja mwanu podutsa pa Ntcheu.

Ntchito kuchipatala ku Romford ikuyenda, ngakhale miyendo imafika kunyumba itatupa. Mlamu wanu Effie wasintha shifiti, tsopano timaonanako masana. Chotenthetsera nyumba chinafa sabata yathunthu, tinkakhala ndi majekete m'nyumba ngati alonda. Mwana wathu Yamiko walowa timu ya kusukulu kwawo. Amasewera pa udzu wapulasitiki, nsapato zake mapeya atatu, koma akagwa pang'ono amayang'ana kwa amake. Ndikamuuza za mpira wathu wachikulunga amamva zonse, kenako amayankha m'Chingerezi kuti ndikukokomeza.

Nkhani ya a Chisenga, kochi wa koleji ya Mphakasa, inafika kuno tsiku lomwelo limene inaphulika kwanuko. Tamva zonse: zoti akhala akuseweretsa anyamata aganyu amene sanalowepo m'kalasi, zoti anasaina kontrakiti ndi koleji ina ya ku Lilongwe ya ku Mphakasa isanathe, ndi zoti awaimika ntchito. Ndikudziwa kuti inu a koleji ya Msekese, amene mwadana ndi Mphakasa kuyambira muli ophunzira, mukugona tulo tokoma.

Loweruka lapitali tinali ku Woolwich kwa a Wezzie, kowatsanzika. Mukanakhalapo mukanasangalala. Amene anaphunzira ku Msekese analipo asanu ndi mmodzi, koma phokoso lake ngati bwalo lodzaza. Anatulutsa nyimbo yanu yakale ija, yoti ophunzira a ku Mphakasa amameta ndevu kawiri patsiku ndipo ana awo ali ku sekondale. Wina anati zikho zonse zilandidwe. Mayi wina anati zimenezo n'zochepa, a Chisenga abweze ndi wezulo yomwe. Bambo mmodzi yekha wa ku Mphakasa amene analipo anayesa kuyankha kuti Msekese nayo inali ndi aganyu ake, kungoti anali osadziwa kugoletsa. A Msekese anatsala pang'ono kumulanda mbale. A Chileshe, a ku Zambia oyendetsa basi, anangogwira pakamwa, n'kufunsa ngati anthu akuluakulu osamalira odwala angakanganirane bwalo lafumbi limene mbuzi zimadyapo.

Tili mkati moimba, uthenga wanu unalowa pagulu la pafoni. Munatumiza chithunzi cha timu ya Mphakasa ya 2007, mutazunguliza goloboyi ndi mzere wofiira. Munafunsa ngati pali womudziwa Marvin ameneyu, chifukwa pa 22 mwezi uno mukukapereka umboni ku komiti ya masewera a makoleji, ndipo waganyu woyamba amene mukufuna kumutchula ndi iyeyu. Foni inazungulira m'manja mwa aliyense. Chithunzicho n'chakale, nkhope sizioneka bwino. Koma Effie atachiyang'ana, anayang'ana dzanja langa lamanja. Ine ndinalilowetsa m'thumba, n'kupitiriza kuimba mokweza kuposa onse. Pobwerera ku Barking pasitima, manyazi amene ndinali nawo sindinawamvepo chibadwire.

Achimwene, Marvin mukumusakayo ndine.

Mukukumbukira kuti nditalephera mayeso a Fomu 4 munanditumiza kwa azakhali, pafupi ndi Mphakasa, kuti ndizikawathandiza pagolosale. Lamulungu lililonse ndinkagwira pagolo m'timu ya pamsika. Tsiku lina a Chisenga anabwera pa njinga yawo yamoto ija yofuna kukankha, anaonerera mpaka kumapeto, n'kundiitanira pambali. Anandipatsa chiphaso cha mnyamata wina wa ukalipentala ku Mphakasa, dzina lake Marvin, amene anali atasiya sukulu, n'kumatapo chithunzi changa. Sabata yonse ankandikuwira dzina limenelo mwadzidzidzi, ndipo ndikachedwa kucheuka ndinkazungulira bwalo kasanu. Pofika Loweruka, ngakhale azakhali akaitana Evance ndinkayamba ndaganiza kaye.

Ku fainolo ija ya Mphakasa ndi Msekese, Loweruka lomwelo, inu simunabwere, chifukwa alamu anali kuchipatala, tsiku limene Alinane anabadwa. Munangomva kuti masewera anathera m'mapenate ndipo goloboyi wa Mphakasa anagwira awiri. Mpira wachiwiriwo ndi umene unathyola chala changa chapakati, chimene ndinakuuzani kuti chinapanidwa ndi tcheni ya njinga. Mpaka lero n'chopindika, ndipo ndikamavala magolovesi kuntchito chimandikumbutsa.

Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri ndakhala ndikukumvani mukufotokoza kuti Marvin anali wa ku Mozambiki, wa ana atatu, ndipo anali ndi chithumwa m'magolovesi. Pa ukwati wanga womwe munaikamba nkhaniyi, anthu n'kuseka, ine n'kuseka nawo. Magolovesi kunalibe, achimwene. Ndinagwira ndi manja okha, ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi.

Koma pali china chimene sichili pachithunzi chanucho. Masewera atatha, anzanga akunyamula chikho, a Chisenga anandikweza pa njinga ija kupita nane kuchipatala. Anesi akumanga chala, ine ndinali ndi mafunso osatha: fupa limalumikizana bwanji, chala chatupiranji. A Chisenga anangokhala pabenchi akumvetsera. Potuluka anandiuza kuti mutu ngati wangawu si wongomenyetsa pamtengo wa golo. Lolemba anandiperekeza kukalembetsanso mayeso, ndipo pakhomo pa ofesi anang'amba chiphaso chija, n'kunena kuti Marvin wafa lero, papepala ndilembe dzina limene anandipatsa bambo anga.

Chaka chonsecho Loweruka lililonse ndinkakhala pakhonde pawo ndi buku la bayoloje, iwo akupopa mipira, akundifunsa mafunso amene ngakhale iwo mayankho ake sankawadziwa. Ndikalakwitsa ankaona m'bukumo n'kundituma kuzungulira nyumba. Akazi awo ankatiwotchera chinangwa. Ndikatseka maso ndimalionabe khonde lija, mabuluzi pakhoma ndi fungo la mipira yakale. Nditakhoza, inu munapita kukathokoza azakhali ndi nkhuku, iwo n'kuilandira ngati kuti anandiphunzitsa ndi iwo. Paja amati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Dziwe langa lina linali la adani anu.

Sindikunena kuti a Chisenga ndi oyera. Chinyengo ndi chinyengo. Tsiku lija anyamata a Msekese analira, ndipo goloboyi weniweni wa Mphakasa, amene ankalowa m'kalasi tsiku lililonse, anakhala pabenchi chifukwa cha ine. Za kontrakiti sindikudziwapo kanthu, ndipo sindikudziwa ngati aganyu onse anawachitira zimene anandichitira ine. Ndikungodziwa kuti pakanapanda iwo, bwenzi lero ndikuyezabe mchere pagolosale ya azakhali. Zimandipweteka kuti ndinaima m'nyumba ya eni ku Woolwich ndikuimba nyimbo yowanyoza, m'manja muli mbale, pathupi pali jekete yogula ndi ntchito imene iwo anandiyambitsira.

Pempho langa ndi limodzi. Sindikukuletsani kupita ku komiti, ndipo sindikupempha kuti mundibise. Koma mukakapereka chithunzicho, mukaperekenso kalatayi, ndipo mukaiwerenge nokha mokweza mpaka pamene pali dzina langa, osadumpha za khonde ndi za chiphaso chong'ambidwa. Chikho akafuna kulanda alande. Koma amene akukagamula za mkuluyu, amene watsala zaka ziwiri kuti apume pantchito, amve zonse ziwiri.

Ndikuopa, achimwene, ndinene poyera. Komiti sindikuiopa, ndipo a ku Woolwich adzandiseka mwezi umodzi n'kuiwala. Ndikuopa inu. Ndikuopa kuti Lamulungu foni yanga sidzaliranso nthawi ija mumaimba mutachoka kutchalitchi. Bambo atamwalira munandilera ndinu, ndipo ndakunamizani kwa nthawi yaitali kuposa zaka za mwana wanu woyamba.

Popeza ndayamba kuulula, ndimalize. Mwakhala mukufunsa kuti goloboyi uja ankadziwa bwanji mbali yodumphira. Kumbukirani kuseri kwa nyumba yathu, pakati pa mitengo iwiri ya mango, pamene munkandiwombera chikulunga mpaka amayi atatikalipira. Munkandiuza kuti ndisamayang'ane maso a wowombera, chifukwa maso amanama. Ndiziyang'ana phazi loponda pansi, kumene laloza n'kumene mpira ukupita. Pa mapenate onse awiri aja, mawu amene ndinkamva m'mutu sanali a a Chisenga. Anali anu. Chithumwa cha Marvin munamupatsa ndinu.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze kuti mafuta opaka mwendo ali m'chikwama cha a Wezzie. Moni kwa alamu, kwa Alinane ndi ang'ono ake, kwa amalume ndi banja lawo, ndi kwa azakhali, amene muwakhululukire za nkhuku ija. Effie akupereka moni, ndipo Yamiko wati muuzidwe kuti akufuna kukhala goloboyi.

Lamulungu likubwerali ndikhala pafupi ndi foni.

Ndine mng'ono wanu wokukondani,

Evance
amene kwa sabata imodzi ankatchedwa Marvin