Zitsa za Mango Paphiri Lathu

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tikudzuka ndithu, kupatula bambo. Ndalemba kalata chifukwa foni yanu imangoitana osayankhidwa, kaya munaiponya m'chitsime. Pepala lokhali muliwerenga, mufune musafune.

Nkhani ndi ya phiri lathu. Inu mumalidziwa kuposa ine, paja munadyetsako mbuzi. Ine ndinatsikako ndili kumsana kwa azakhali, tsiku lomwe boma linasamutsa mudzi kuti phirilo likhale paki, patangopita miyezi yochepa amayi ataikidwa. Ndakula ndikuliona kuseri kwa waya: thanthwe lalikulu lija lofunda nkhungu m'mawa, phanga la zithunzi zofiira za anthu akale komwe alendo amakajambulitsa, ndi anyani oyenda monyada ngati analigula. Manda a amayi sindinawaonepo. Ndinkangodziwa kuti bambo anabzala mango kumutu kwake, ndipo zimenezo zinkandikwanira.

Chaka chino akuluakulu a paki alamula kuti mitengo yonse yobwera ndi anthu idulidwe, mango, magwafa, bulugamu, yonse. Akuti ikumwa madzi ndi kupanikiza mitengo yachilengedwe. Alamu anu, bambo a ana angawa, ali m'gulu lodulalo. Ankabwera kunyumba akununkha mafuta a makina, osandiuza mbali yomwe akugwetsa. Pachitsa chilichonse amapakapo mankhwala kuti chisaphukenso.

Bambo anazimva kwa anthu. Maso awo aja munawasiya akuchita chidima, pano atheratu. Anaitana alamu anu nawauza kuti sakuwaimba mlandu, ntchito ndi ntchito, koma awatengere kumtunda akasese pamanda asanafe. Tinapempha chilolezo mpaka anatipatsa, pamodzi ndi mlonda wamfuti wotiperekeza ngati ndife akuba kwathu komwe.

Achimwene, nditaona malowo ndinalira. Pamabwinja pathu patsala zitsa zokhazokha, zonse zofanana. Paja banja lililonse linali ndi mango ake, pakhomo, pakhola, pamanda. Mitumbira inasalazika kalekale ndi mvula ndi nguluwe. Tinazungulira mpaka dzuwa linafika paliwombo, bambo ali kumsana kwa alamu anu, akupuma movutikira. Mlonda uja anayamba kuyang'anayang'ana wotchi.

Kenako alamu anu anaima pachitsa china nanena kuti ndi pomwepa, akukumbukira kuti podula anaonapo miyala yoyalidwa. Ndinawayang'ana kumaso, iwo anayang'ana pansi. Panalibe mwala ndi umodzi womwe.

Bambo anagwada. Anasesa ndi manja, anazula udzu, kenako anawauza amayi kuti mwana anamusiya akuyamwa uja ndi uyu, pano wayamba imvi. Anathokoza mpongozi wawo kawiri konse. Ine mumtima ndinati bodza ili Mulungu atikhululukira, bola nkhalamba yapeza mtendere.

Potsika tinapumira pamwala, alamu anu atapita patsogolo kukalankhula ndi mlonda. Bambo anafufuza dzanja langa nandinong'oneza. Anati mwamuna wanga ndi wamtima wabwino, ndisamuuze kanthu. Koma anati pomwe anagona amayi pamamveka kasupe wotuluka pansi pa thanthwe, amene saphwa ngakhale chilimwe chivute bwanji. Anati nthawi yonse imene anagwada paja ankatchera khutu, ndipo anangomva mphepo.

Chibwerereni sakudya. Amangokhala pakhonde, nkhope atalozetsa kuphiri lomwe sakuliona. Adokotala akuti mtima watopa, tisayembekeze zambiri. Ndikuopa, achimwene. Ndikuopa kuti apita akudziwa kuti anakasesa pakhola la mbuzi la eni ake.

Akasupe pansi pa thanthwe lija alipo ambiri, ndipo alamu anu sadziwa kuti wathu ndi uti. Anzawo a bambo onse anatha. Mwatsala inu, amene munkatunga madzi pamenepo ndi chitini kukathirira mangowo. Bambo amanena mpaka lero kuti theka la madzi linkathera m'njira.

Mitambo yayamba kale kusonkhana. Mvula ikagwa udzu umeza zitsa zonse, apaki atseka njira yakumtunda, ndipo khwawa lililonse liyamba kulira madzi. Pamenepo ngakhale khutu la bambo silidzatithandizanso.

Musatumize bulangete ngati chaka chatha, alipo okwanira. Ndikupempha miyendo yanu. Abwana anu akakana, awerengereni kalatayi.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana onse, Mulungu akusungeni ndipo akuyendetseni bwino panjira. Ndawafunsa bambo ngati ali ndi mawu oti ndikulembereni. Moni sanapereke. Angofunsa ngati mwana wawo akukumbukirabe njira yakukasupe.

Ndine mlongo wanu,
Mzime wa amayi