Mkazi Mnzanga wa M'chidebe

Loweruka, 17 Ogasiti 2024
Ketty, mwana wathu woyamba, wabwera kuchokera ku Kalingalinga komwe amagulitsa maluwa m'mbali mwa msewu. M'manja chidebe chakuda, m'menemo duwa. Masamba ofiirira ngati bonongwe, opindikapindika m'mphepete. Dzina lake akuti kolobelo. Mphatso ya atate ake, kuti dzanja lamanzere lipeze ntchito. Miyezi inayi chigwereni sitiroko. Kampira ka ku kiliniki safinya, pageti satuluka. Manyazi ndi mwendo wokoka uja. Bashi Ketty, amuna angawo, angoliyang'ana cham'mbali: "Manje ichi tizadya na chani?" Munthu woyendetsa basi ya ku Chipata zaka makumi awiri, lero duwa.

Lachitatu, 21 Ogasiti
Ndawapeza akulithirira. Akuti amangotsuka kapu. Kapu imodzi, kutsuka katatu patsiku.

Lolemba, 2 Seputembala
Masamba lende, tsinde lafewa. Aliledzeretsa madzi. Ketty pafoni wawakalipira ngati mwana wa sukulu: dothi lisakanizidwe ndi mchenga, chidebe chibooledwe pansi, mutu wa chomera usakwiriridwe, madzi pokhapokha chala chikatuluka chouma m'dothi. Iwo "ee mayo, ee mayo," ngati akuyankha mayi wowabala. Ine chikwatiwireni sindinayankhidwepo choncho. Mchenga ndakapempha kwa omanga nyumba kuseri. Msomali wobowolera ndagwira ine, nyundo iwo. Chala changa chapulumuka mwa chisomo.

Sondo, 15 Seputembala
Lachira. Katsamba katsopano, ngati khutu la mbewa. Pochokera ku tchalitchi ndaitanidwa kukaona ndisanavule nsapato. Ana anayi anamera mano m'nyumba muno iwo ali pamsewu wa ku Chipata.
Ba Cephas, mnzawo wa ku mabasi, agogodanso pageti. Kachitatu tsopano. Bambo athawira kuchipinda. Ndanama kuti agona. Bodza la pa Sondo. Ba Cephas anaima kanthawi, chipewa m'manja, n'kubwerera. Zandiwawa.

Lachitatu, 9 Okutobala
Dzuwa la chaka chino! Mpopi wouma kuyambira dzulo, magetsi osanena. Duwa silifuna dzuwa la masana, ndiye limayenda ulendo: m'mawa pakhonde, teni koloko pansi pa mango, masana kuseri kwa bafa. Amalikoka pa saka, pang'onopang'ono, nthawi yake osaphonya. Ambulera yanga ya ku tchalitchi aimangirira pamwamba pake. Ine ku msika wa Chawama mutu uli pamtetete. Chigubu chotsiriza cha madzi: duwa poyamba, tiyi pambuyo. Ndawauza kuti mitala yabwino amayamba auza mkazi wamkulu.

Lachinayi, 10 Okutobala
Nkhuku ya aneba, Bana Mutale, yalowa n'kujompha masamba atatu. Ndamva phokoso ndikuchapa. Kutuluka, bambo ali pambuyo pa nkhuku, akutukwana m'Chibemba, ndodo aiiwala pakhonde! Kuchokera pa mango mpaka pageti. Pamenepo anaima, kusuzumira msewu, n'kubwerera. Ndinabwerera pa beseni. Atandifunsa za maso ndati ndi sopo.

Loweruka, 26 Okutobala
Maluwa atuluka. Timapesi titalitali, kunsonga timabelu tofiirira. Miyezi iwiri ya chipwirikiti, duwa lake kukula ngati njere ya mpunga. Ndanena zimenezo. Iwo: "Bana Ketty, imwe simuziba vinthu vabwino." Ndati n'zoona, umboni wake ndi ukwati wanga. Aseka mpaka kutsokomola. Kuseka kwa tsaya limodzi, koma kuseka ndithu.

Loweruka, 23 Novembala
Mvula yagwa kawiri, chidebe chasamukira pansi pa malata kuti mizu isaole. Maluwa afota, mapesi adula ndi sizasi yanga yosokera. Ketty wabwera, akuti chomera chabereka, chapanikizana, chigawidwe. Anachizula, bambo agwira mizu ndi manja onse awiri, iye akudula ndi mpeni. Nkhope yawo ngati ya munthu wodikira kunja kwa chipinda cha opaleshoni. Zatuluka zitatu. Chimodzi chabwerera m'chidebe, china Ketty watenga. Chachitatu achibzala m'chitini cha mkaka, osanena kuti n'cha yani.

Lolemba, 25 Novembala
M'mawa andipempha shati yoyera ya kuntchito ija. Ndasita osafunsa. Ameta ndevu okha, adzicheka pawiri. Kenako: "Cephas pa nyumba pake palibe olo kapinga. Ni zamanyazi." Chitini achikumbatira ndi dzanja lamanzere, ndodo kumanja. Ndati ndiwaperekeze, akana. Akuti dalaivala saperekezedwa.
Geti atsegula okha.
Kwa Ba Cephas ndi mizere itatu ya nyumba. Pafupi ndi tchalitchi pali ngalande, mvula yakokolola thabwa lowolokera. Ndalonjeza kuti sindiwatsatira, ndalumbira ndithu. Mphindi khumi zapita. Ndikulemba kuti manja apeze chochita.
Koma tomato watha m'nyumba. Ndipo wabwino amagulitsa njira yomweyo, ndiye ngati munthu atangodutsa