Kamtsikana ka pa Zenera Lomaliza

Dambwa North,
Livingstone.
21 Novembala 1999.

Okondedwa achemwali anga a Florida,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu a Jethro ndi ana ku Lilongweko. Kuno tilipo, dzuwa lokha ndi limene latikwiyira. Mvula inangowaza kamodzi n'kuthawa, mango ali mbwee mumsika, ndipo atate ali bwino ndithu. Ndikulemba Chichewa cha amayi, chija ankatikalipira nacho, chifukwa ndikalemba Chinyanja chathu cha m'tauni alamu aseka mpaka kugwa pampando. Mu envulopu muno muli kanthu kolimba kokulungidwa m'pepala. Chonde musakatsegule musanafike kumapeto. Ndikukudziwani inu, munkadya chitumbuwa cha kusukulu tisanatuluke n'pageti pomwe.

Munafunsa ngati ndapeza ntchito chitsekereni fakitale ya nsalu ija. Ndapeza, koma musaseke. Ndine wolemba nkhani zotsatsa masitima a zitini.

Ndiyambe bwino. Atate atapuma ntchito ku njanji tinachoka ku komboni ya njanji kuja n'kubwera kuno ku Dambwa, ndipo amayi atatisiya, mkuluyu sanathe kukhala manja lende. Anayamba kutola zitini za mafuta ophikira, kuzidula, kuzimata ndi mtovu, n'kupanga timasitima ta malasha tofanana ndendende ndi tija ankayendetsa popita ku Mulobezi ife tili ana. Mateyala ake ndi zotsekera mabotolo. Ine ndinkapita nato kumsika wa ziboliboli ku mathithi, koma kumeneko mzungu amafuna mvuu yamtengo, ndipo ndinkabwerera nato madzulo titachita fumbi.

Mukumukumbukira Sepo, mwana wa a Inambao, kamtsikana ka Chilozi kaja kankakhala kuseri kwa nyumba yathu, kosauma mamina? Lero ndi mayi wa bizinesi. Ali ndi kashopu m'tauni komwe alendo amalipira kuti atumize makalata pa kompyuta. Iyeyu ndiye anatitsegulira tsamba pa intaneti. Musandifunse kuti tsambalo limakhala kuti, nanenso sindidziwa. Lili ngati bolodi la zidziwitso limene munthu ali ku Canada atha kuliwerenga ali m'nyumba mwake, ndipo akakonda chinthu amalemba imelo, ife n'kumutumizira pa positi. Sepo anajambula masitima, n'kundiuza kuti chithunzi chokha sichigulitsa, pafunika nkhani.

Inu mukudziwa kuti ine Chingerezi ndinakhoza bwino. Ndinabwereka dikishonale, ndinakhala pansi, n'kulemba masamba atatu. Ndinayambira pa nthawi imene Livingstone inali likulu la atsamunda, ndinadutsa pa mlatho wa ku mathithi, ndinaika mawu aatali oti ngakhale aphunzitsi athu akanavula magalasi. Sitima ya atate inatulukira kumapeto, itatopa. Sepo anawerenga pang'ono, n'kundibwezera pepala.

"Ba Dabwitso, nichani ichi? Ni exam?" anatero. "Nafika chabe pa laini yachitatu nayamba kugona. Muntu wa ku Canada alibe taimu, mwandi. Fakanimo ba tate banu, osati dikishonale."

Zinandipweteka, ndisaname. Masiku angapo ndinkadutsa tsidya lina la msewu kuti ndisamupatse moni. Koma tsamba linakhala mwezi wathunthu popanda ngakhale wofunsa mtengo, ndiye ndinameza malovu n'kupita kukakhala pambali pa atate pansi pa mtengo wa mango, pamene amadulira zitini.

Achemwali, ine sindinkadziwa kuti atate ali ndi nkhani. Kwa ife anali munthu wobwera wakuda bii ndi malasha, wosamba, wodya, wogona. Koma ukawafunsa manja awo ali pantchito, osawayang'ana kumaso, amayankhula. Anandiuza za njovu imene inagona panjanji m'nkhalango ya mitengo ya matabwa, sitima n'kuima kuyambira m'mawa mpaka dzuwa paliwombo chifukwa panalibe wolimba mtima wokaidzutsa. Anandiuza za mayi wina amene anatsika sitima ikuyenda, anazula bowa wodzaza chitenje, n'kukweranso bogi lomwelo osathamanga, poti sitima ya ku Mulobezi inalibe changu ndi munthu. Ine ndimalemba m'Chingerezi, kenako ndimawawerengera ndikumasulira. Dzanja lawo likangoyamba kufunafuna wailesi, ndimadziwa kuti pamenepo ndatalikitsa.

"Chotsako mabogi, mwanawe," amatero. "Sitima yolemera imafera pachitunda."

Choncho ndaphunzira. Sitima imodzi, nkhani imodzi. Ndimayamba ndi munthu, mtengo umabwera pambuyo. Liwu limene sindingalinene pakamwa kwa mnzanga mu minibasi sindililemba. Ndipo Sepo anandiphunzitsa chomaliza, chakuti nkhani yotsatsa isamathere m'malere, imuuze wowerenga chimene achite. Nkhani ya njovu itangokwera patsamba, maimelo anayamba kubwera. Tsopano masitima a atate ali ku Canada, ku Germany, ndi kwina kumene sinditha kutchula. Mkuluyu akamapita ku positi amavala jekete.

Ntchito imeneyi yandibwezera kwathu kwakale. Ndikamalemba ndimamva fungo la malasha onyowa ndi la sopo wofiira uja. Mukukumbukira hutala wa sitima ya atate? Dalaivala aliyense anali ndi kalizidwe kake, ndipo akazi a ku komboni ankadziwa mwamuna wawo ndi khutu. Kathu kanali kawiri kafupi, kamodzi kotalika. Amayi akangomva ankasiya chilichonse n'kutereka madzi osamba, inu n'kutsomphola duku lanu lofiira, ine pambuyo ndikulira kuti mundidikire, mpaka podutsira njanji paja. Munkakupiza dukulo ngati mukuimitsa sitima, ndipo atate ankangokweza zala ziwiri, osamwetulira, koma ife tinkabwerera kunyumba ngati tapatsidwa ufumu. Nyumba ija tsopano muli anthu ena, ndipo mpapaya wa amayi anaudula. Ndikadutsako ndimayang'ana kumbali.

Tsopano ndifike pa chimene ndakhalira pansi. Mwezi wa Ogasiti kunabwera imelo yochokera kwa gogo wina wa ku Canada, amenenso anagwirapo ntchito ya njanji kwawoko. Anayamikira sitima, kenako anafunsa kuti kamtsikana ka pa zenera lomaliza ndi ndani, nanga n'chifukwa chiyani kakuyang'ana kumbuyo pamene anthu ena onse m'sitimamo akuyang'ana kutsogolo. Ine ndinadabwa. Ndanyamula masitima amenewa zaka zitatu, ndawapukuta, ndawakulunga m'manyuzipepala, koma timitu ta m'mazenera ndinkangotiona ngati zokongoletsa. Ndinathamangira kunyumba kukayang'ana amene anatsala. Sitima iliyonse, bogi lomaliza, zenera lomaliza, kamtsikana kachitini kovala kansalu kofiira kumutu, nkhope kumbuyo.

Sepo anawomba m'manja. "Iyi ndiye nkhani manje! Bafunseni ba mudala, mulembe. Bantu bazagula maningi."

Koma ine nsalu ija ndinali nditaizindikira kale. Inu mukudziwa lamulo la m'nyumba muno. Chichokereni inu mu 1991 ndi alamu, popanda ankhoswe, popanda kutsanzika, atate anati dzina lanu lisamveke pakhomo pawo, ndipo silinamveke. Ngakhale pa maliro a amayi, uthenga utakupezani mochedwa, anthu ankangoti "uja wa ku Malawi." Makalata anu ndimawerengera ku positi konko. Ndiye ndikanafunsa bwanji?

Ndinadikira Lamulungu masana titachokera ku tchalitchi. Anali akudula chitini. Ndinakhala pambali, maso pansi, n'kunena kuti kuli mzungu akufunsa za wokwera wa kumapeto. Sizasi inaima. Ndinaganiza kuti andithamangitsa. M'malo mwake analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi duku lanu lija munalisiya pa msomali kuseri kwa chitseko. Achemwali, latsala ngati chikhatho cha mwana. Lonselo analidula pang'onopang'ono, lili m'maiko a eni.

"Tsiku lija ankachoka ndinali pa yadi ya njanji, ndikusuntha mabogi," anatero, osandiyang'ana. "Sitima ya ku Lusaka inadutsa pafupi nane ngati apa ndi pa mpanda apo. Ndinamuona. Anatulutsa mutu pa zenera lomaliza, akuyang'ana kumbuyo, akufunafuna. Ine ndinabisala kuseri kwa chitsulo. Dzanja linali pa hutala, koma mtima unati ayi, apite, wandichititsa manyazi. Pamene ndimati ndilize, sitima inali itakhota kale. Ndinaliza ndithu, kawiri kafupi, kamodzi kotalika. Kaya anamva, kaya sanamve."

Pamenepo ndinakumbukira chinthu chimene chinandizunguza mutu ndili mnyamata. Tsiku lomwelo amayi ali pakhonde akulira, hutala wa atate anamveka nthawi yosakhala yake, dzuwa likadali pamutu. Amayi anadzuka ndi misozi yawoyo n'kutereka madzi. Madziwo anawira mpaka kuphwera, atate osabwera. Anafika madzulo ngati masiku onse, ndipo palibe anafunsa mnzake kanthu.

Ndinafunsa atate ngati ndilembe. Anati, "Usalembe. Nkhani imeneyi ili ndi mwini wake." Sepo tinakangana naye kwambiri, mpaka anandinena kuti ndine wamalonda wa chifundo chopha bizinesi. Koma mawa lake anabwera ndi malalanje kudzaona atate, ndipo gogo wa ku Canada tinangomuyankha kuti ndi wokwera amene sanafike kumene akupita.

Pamwambapa ndalemba kuti atate ali bwino ndithu. Ndinanama, ndinkafuna kuti muwerenge mpaka pano mtima uli m'malo. Kumayambiriro kwa mwezi uno anagwa pansi pa mango paja, sizasi ili m'manja. Kuchipatala akuti ndi matenda opha ziwalo. Dzanja lamanja ndi mwendo sizikugwira, pakamwa papotoka, mawu amatuluka amodziamodzi ngati akuwakoka pachitsime. Tinabwera nawo kunyumba. Adokotala sananene zambiri, koma anandigwira paphewa nthawi yaitali, ndipo inu mukudziwa tanthauzo lake. Ndili ndi mantha, achemwali. Ndimawasambitsa ndekha, ndipo munthu uja tinkamuopa akatsokomola tsopano ndimamunyamula ngati mtolo wa udzu.

Patsamba ndalembapo kuti masitima atha. Koma yatsala imodzi pa tebulo, imene ankapanga tsiku limene anagwa. Yonse ndi yomalizidwa, utoto womwe, kupatula zenera lomaliza, lomwe lili pululu. Lachinayi lapitali anandikodola ndi dzanja lamanzere, analoza m'thumba la jekete lawo. Ndinapisamo, n'kupeza kamtsikana kaja, katavala kale kansalu kake. Ndinati ndikamatire pamalo pake. Anapukusa mutu mwamphamvu mpaka kutsokomola. Analoza envulopu imene inali pa tebulo.

"Abwere... nako... mwini wake," anatero.

Tsopano mutha kutsegula kapepala kaja.

Nkhani zanga zonse ndimalembera anthu osawadziwa, ndipo ndimasangalala akachuluka. Iyi yokha ndalembera munthu mmodzi. Mwina mwaona kale kuti ndagwiritsa ntchito nzeru zonse za ntchito yanga, ndayamba ndi zoseketsa, ndachotsa mabogi ambiri amene ndikanatha kukoka, za mkwiyo wanu ndi zifukwa zanu, zomwe sindikuzitsutsa. Mundikhululukire. Chatsala ndi chija amanena Sepo, kumuuza wowerenga chochita. Bwerani, achemwali. Musadikire Khirisimasi. Bwerani ndi ana, ndi alamu omwe ngati angathe. Mukatsika m'tauni kwerani minibasi ya ku Dambwa North, muuze kondakitala kuti akutsitseni kwa Ba Lemmy ba masitima, ndi mmene amawatchulira atate kuno, palibe amene sawadziwa. Ndipo mukafika, funso lija la hutala mudzayankhe nokha. Ngakhale simunamve, ine sindidzakutsutsani mukadzati munamva.

Mupereke moni kwa alamu a Jethro, muwauze kuti mpando wawo ulipo. Moni kwa ana, amene ndimangowadziwa pa chithunzi. Sepo akupereka moni, akuti mumubweretsere chitenje cha ku Malawi ndipo musakumbutse za mamina. A Inambao ndi amayi a ku tchalitchi akupereka moni.

Ndisanamate envulopu ndinapita kwa atate kukawauza kuti ndamaliza kulemba. Anati, "Umupatse... moni." Ine ndi mwano wanga uja ndinafunsa dala kuti ndani, poti ku Malawi kuli anthu ambiri. Anandiyang'ana ndi diso lija la kale, loti akanakhala ndi dzanja ndikanalawa khofi. Analimbana ndi pakamwa pawo nthawi yaitali, malovu akutsika, ine osawathandiza. Kenako linatuluka, lonse, losaduka.

"Florida."

Ndine mlongo wanu wokusowani,
Dabwitso