Tadala Kumsana kwa Anaphiri

Lachinayi, Chinsapo. Tsiku lowawa.

Ndabwerako kumakina otsuka magazi. Adokotala akuti makinawo amakokololanso kanitini, chinthu chothandiza minofu kupeza mphamvu. Mwina n'chifukwa chake miyendo imandikana.

Anaphiri, amene timagona moyandikana pamakinapo, achimwene awo amawatumizira kanitiniyo kuchokera ku Joni. Nthochi zimene adokotala anatiletsa, Anaphiri amadya mobisa. Ine madzi ndimamwa moyeza m'kakapu ka tiyi, sindinaphonyepo.

Ine ndi Anaphiri titatsika minibasi, mwana wanga Tadala anandithamangira kuti ndimubereke. Ndinayesa, koma ndinalephera kudzuka naye.

Anaphiri anaseka. "Bweretsani kuno, amake Tadala, mungagwe naye!"

Anamuponya kumsana n'kukwera chitunda akuimba. Ndinathokoza mwaulemu, mtima ukupsa.

Pakhomo ndinatambasula manja. Tadala anakakamira bulauzi ya Anaphiri, ine osandiyang'ana n'komwe...