Belu Limene Zainabu Sanalize

Rawdat Al Khail,
Doha,
12 Malichi 2016.

Achimwene a Lingson,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu anga ndi ana. Nanga kuthamanga kwa magazi kuja kuli bwanji? Musandiyankhe zoti mukukankha, chifukwa ndikudziwa kuti madokotala ndinu odwala ovuta kuposa onse. Ine kuno ndili bwino, kupatula chimfine cha fumbi chimene chimandipeza mwezi uno chaka chilichonse ngati nachonso chili ndi kontirakiti.

Mudabwa kuti ndalemba papepala pamene foni ilipo. Ndachitira dala. Pafoni mumandidula mawu, ndipo uthenga mumauwerenga muli pamsonkhano, diso lina lili kwa apampando. A Humphrey, injiniya amene timapemphera naye limodzi, akubwera kumudzi patchuthi Lachiwiri, ndipo alonjeza kukupatsani kalatayi m'manja. Mukhale pansi powerenga.

Za kuno n'zomwezo. Misewu akuikumba paliponse, moti njira imene wadzera m'mawa, madzulo umapeza aitseka. M'nyumba muno tilimo anamwino atatu, ndipo makina oziziritsa m'chipinda changa afa sabata yachitatu tsopano. Mwini nyumba ndikamuimbira amangoti inshallah, Mulungu akalola, mawa, ndipo mawalo silikufika. Kuntchito andipatsa udindo woyang'anira anzanga pa shifiti. Ndayamba kukumvetsani tsopano, chifukwa anthu omwe ndinkaseka nawo dzana lero amakhala chete ndikalowa.

Pepala lija munanditumizira ndaliwerenga kawiri. Ndinanyadira kuona kuti akuluakulu a zaumoyo akusankhani mu komiti yokonza malamulo atsopano oyendetsera zipatala za m'maboma, komanso kuti chipatala chanu n'chimene adzayesere poyamba. Ndinawaonetsa anzanga dzina lanu mpaka anatopa nane. Katundu amene mwasenza ndikumudziwa. Mankhwala amafika mochedwa koma wotukwanidwa pawailesi ndinu. Makhansala amafuna muwayankhe, akulikulu amafuna malipoti, ndipo anamwino amene mumawaphunzitsa amathawira kunja, woyamba kuthawa ndine mlongo wanu yemwe. Mfundo zambiri m'pepalamo n'zabwino, makamaka yoti namwino akaulula yekha cholakwa asamalangidwe.

Koma nditafika pa mfundo yachisanu ndi chiwiri ndinaika pepalalo pansi. Mwalemba kuti magadiyani, abale odikirira odwala aja, asamakhalenso m'mawodi koma azingobwera nthawi yozonda, monga zimakhalira m'maiko otukuka. Achimwene, mawu amenewo ndi anga. Ndinawayankhula pakhonde panu pa Khirisimasi, nditakhuta, alamu akundithirira sobo. Ndinadzitama kuti kuno pansi pa bedi sipagona munthu, m'wodi simulowa mphika kapena mkeka, ndipo wodwala akafuna thandizo amangodina belu. Inu munafunsa kawiri za belulo, ine osadziwa kuti mukulemba mumtima. Amati mlendo amabwera ndi kalumo kakuthwa, koma kalumo kangako ndaona kuti kakhoza kutema anthu.

Sindinaname, koma ndinanena theka. Sindinakuuzeni kuti kuno namwino mmodzi amasamala odwala anayi kapena asanu, pamene m'wodi ya amayi kwanuko munandiuza nokha kuti masana amatsala awiri pa odwala makumi asanu ndi limodzi. Theka linalo ndaliphunzira Lachisanu la sabata yatha, ndipo n'chifukwa chake ndalemba.

Kuno timapemphera Lachisanu, ku Abu Hamour komwe matchalitchi onse ali mumpanda umodzi. Titaweruka, anandikoka dzanja Agness, mayi wa ku Chipata amene amagwira ntchito ya m'nyumba ku Al Hilal. Anandiuza kuti kunyumba yoyandikana ndi yawo kumagwira ntchito Mmalawi mnzanga wa ku Mangochi, dzina lake Zainabu, amene anamuchita opaleshoni ya zotupa za m'mimba dzulo lake, ndipo palibe amene anakamuona. Mabwana ake anamusiya kuchipatala bwinobwino n'kubwerera kwa ana awo, Agness nayenso anayenera kubwerera kuntchito. Ndikuulula kuti ndinkafuna kukagona. Koma ndinakwera takisi, ndipo cha m'ma thu koloko masana ndinali pabedi pake.

Chipindacho mukanachiona mukanachilemba m'pepala lanu. Chaukhondo, chachete, makatani oyera, belu lili pa pilo pafupi ndi dzanja lake lenileni. Zainabu ndi mayi wa zaka ngati zanga, wamanyazi. Atamva moni wa Chichewa misozi inalengeza. Ndinamufunsa mmene akumvera, iye n'kuyankha kuti ali bwino pang'ono, monga timayankhira tonse ngakhale tikufa.

Ndinapita ngati wozonda chabe, wopanda yunifolomu, ndiye ndinachita zimene gadiyani aliyense amachita. Ndinakhala pambali pake n'kumugwira dzanja. Linali lozizira ndiponso lonyowa ndi thukuta. Ndinatembenuza chikhatho, chili mbuu. Nditavundukula bulangete ndinapeza mimba yatupa, yalimba. Ndinadziwa kuti magazi akutayikira m'kati, ndipo ndinadina belu lija osachotsapo chala.

Pa zimene zinatsatira sindinganene choipa. Namwino anafika ndisanapume kawiri, dokotala pambuyo pake, ndipo pasanathe theka la ola anali atabwerera naye kuchipinda cha opaleshoni. Namwinoyo, mtsikana wa ku Philippines, anali pafupi kulira. Anandionetsa kuti anamuyeza nthawi ya nkhomaliro, zonse zinali m'malo mwake, ndipo atamufunsa za ululu anamwetulira n'kunena kuti palibe vuto. Anamuonetsanso belu kawiri konse. Mwa malamulo a kuno, mtsikanayo sanalakwe kalikonse.

Lolemba ndinapitanso ndipo ndinamupeza Zainabu atakhala tsonga, akumwa phala. Anandiuza kuti tsiku lija anayamba kumva chizungulire ndi kuzizidwa namwino atangotuluka, ndipo anakhala choncho kupitirira ola lathunthu. Ndinamukalipira pang'ono, poti mukundidziwa, kuti nanga belu ankaliona ngati chokongoletsera? Yankho lake ndikulemberani monga analinenera.

"Asisi, belu ndi la mabwana. Kunyumba kumene ndimagwira ntchito, madamu akaliza belu ndimathamanga ndine. Ndiye ine ndimulizire belu munthu wophunzira, ali pantchito yake, ngati wantchito wanga? Ndimati abwere wina wakwathu akandiitanire."

Mayiyu anagona pabedi labwino kuposa onse a m'boma lanu, ndipo akanafera pomwepo akudikira gadiyani. Chipatala cha kuno anachimanga podalira kuti wodwala adziyankhulira yekha. Wodwala wakwathu sanaleredwe choncho. Amaopa kuvutitsa, amaopa kuoneka wamwano, ndipo ululu amaubisa kwa munthu wa yunifolomu koma amauulula kwa mphwake kapena kwa apongozi. Amene amadzuka n'kukaima pakhomo pa namwino mpaka atuluke ndi gadiyani. Kwanuko belu lathu ndi limenelo, ndipo lina mulibe.

Sindikuti magadiyani alibe mavuto. Ndinagwira ntchito m'mawodi amenewo zaka zisanu ndi zitatu ndipo ndinawalumpha m'makonde mpaka kutopa. Amadzaza wodi, amabweretsa mankhwala azitsamba m'mabotolo a fanta, ena amamwetsa phala munthu woti mawa ali ndi opaleshoni. Nthawi ya kolera amandiopsa ngati mmene amakuopserani inu. Koma ndi omwewo amene amasambitsa, kudyetsa, kutembenuza wodwala ndi kutaya zonyansa. Mukawatulutsa Lolemba, Lachiwiri ntchito yonseyo idzagwera anamwino awiri aja, ndipo Lachitatu mmodzi adzakulemberani kalata yosiya ntchito.

Ndikanakhala ine, ndikanasiya gadiyani mmodzi pa wodwala aliyense, wodziwika dzina. M'mawa uliwonse namwino aziwasonkhanitsa mphindi khumi, kuwaonetsa kusamba m'manja ndi kuwauza zizindikiro zoti akaziona athamange osapempha chilolezo: manja kuzizira, kupuma mobanika, kutaya magazi, wodwala kusiya kuyankha. Zimenezo sizifuna ndege yochokera kunja, zimangofuna ndowa, sopo ndi mkulu wa chipatala wosachita manyazi kunena kuti amayi a m'chitenje ndi mbali ya ntchito yake. Koma zimenezo mudzaziona nokha, dokotala ndinu.

Pempho langa ndi limodzi. Munati komiti ikumana pa 29 mwezi uno. Tsikulo lisanafike, vulani tayi ndi jekete loyera lija, mukakhale pabenchi la m'wodi ya amayi kuyambira nkhomaliro mpaka dzuwa litapendeka. Musayendere, musalangize, mungokhala. Muone kuti namwino akathamangira pabedi, wamuitana ndani. Mukapeza kuti ndi odwala eni ake, isiyeni mfundoyo ndipo ine ndidzapepesa pamaso pa alamu. Mukapeza zimene ndikudziwa kuti mukapeza, ifafanizeni isanapite kulikulu, chifukwa ikangosainidwa kumeneko sidzakhalanso ya chipatala chanu chokha. Kuthamanga si kufika, achimwene.

Sindikukayika za inu. Ndinu ouma mutu, tonse tinatengera bambo, koma simunayambe mwakanapo chinthu chimene mwachiona ndi maso anu. Ena mu komitimo adzati mukubwerera m'mbuyo. Adzatero ndithu, ndipo mudzawauze kuti munamva kwa namwino wa ku Doha yemweyo amene anayambitsa nkhaniyi. Dzina langa ligwiritseni ntchito mmene mungafunire, poti mawu anga analowa kale m'pepalamo popanda kundipempha.

Zainabu atuluka mawa. Agness wagwirizana ndi amayi ena atatu kuti aliyense akapeza mpata azikamuona, ndipo tayamba kulemberana mayina kuti wina wa ife akagonekedwa pasamasowe womukhalira pambali. Mwaona nokha, inu mukufuna kuwathamangitsa magadiyani pamene ife kuno tayamba kuwafunafuna.

Mundiperekere moni kwa alamu anga, muwauze kuti nsalu ija ndaipereka kwa a Humphrey. Moni kwa ana onse, makamaka wamkuluyo amene akulemba mayeso chaka chino. Moni kwa amalume ndi azakhali, kwa achemwali ndi amuna awo, ndi kwa anamwino anzanga akale amene akundikumbukirabe.

Amayi ndawasungira kumapeto mwadala. Mukapite nokha, musatume munthu. Mukawapatsa moni wanga, mukawafunse za chaka chija munagonekedwa ndi malungo muli ndi zaka zisanu ndi zinayi, m'chipatala chomwecho mukuchilamulira lerocho. Akakuuzani kuti anagona pansi pa bedi lanu masiku asanu ndi limodzi, ndipo tsiku limene munayamba kugwedezeka maso atatembenuka, namwino anali yekha kuwodi ina. Anathamanga opanda nsapato n'kukamukoka pa yunifolomu, namwinoyo akuwakalipira njira yonse. Ine mboni ndilipo, ngakhale ndinali kumsana. Mukamaliza kumva, muwawerengere mfundo yachisanu ndi chiwiri ija mokweza, muwauze kuti tsiku limenelo akanayenera kudikira panja mpaka nthawi yozonda. Mukatha kuwauza amayi zimenezo mukuwayang'ana m'maso, kaiperekeni ku komiti.

Ambuye akusungeni, ndipo mankhwala anu muzimwa.

Ndine mlongo wanu wapakamwa uja,
Maud.