Magazi a Anthu Awiri

Lachinayi, 15 Meyi

Okondedwa achemwali,

Ndikudziwa kuti waseka kale. Mphindi makumi awiri zomwe unanditsogolera pobadwa sizinakusandutsepo achemwali m'kamwa mwanga, pokhapokha ndikalakwa. Ndiye peza pokhala, kalatayi usaiwerenge uli chiimire.

Mafoni ako onse ndawaona. Sindikudwala, ndipo foni sinawonongeke. Ndimangoiyang'ana ikulira mpaka itope yokha, chifukwa iwe umandigwira ngakhale ndingoti "halo". Papepala pokha ndi pomwe mawu anga sanjenjemera.

Ndiyambe ndi yabwino: ndili ndi pakati pa milungu khumi. Usakuwe ayi, werenga kaye.

Tsiku loyamba kusikelo anandipatsa fomu, ndipo chakumunsi kwake kunali funso lakuti kodi kwathu kuli matenda akumtundu. Ndinafuna kulemba kuti ayi, monga timayankhira aliyense, monga iwe unauzira bwenzi lako kuti bambo anamwalira ndi sitiroko. Dzanja linakana. Ndinalemba dzina lalitali lija la matenda a bambo, ndipo namwino ataliwerenga anasiya kuseka nane, n'kunditumiza kwa dokotala wa matenda akumtundu, pansanjika yachitatu.

Sindikufunika kukukumbutsa za bambo, koma masiku ano sakuchoka m'maso mwanga. Munthu wokonza mawotchi, yemwe ankatola kasikuluwu konga njere ya mchenga osaphonya, n'kuyamba kugwetsa zida ali ndi zaka makumi anayi ndi ziwiri. Kenaka mikono kuvina yokha, anthu mumsewu kumati aledzera m'mawamawa, iwo mowa osaudziwa n'komwe. Kenaka ukali uja, mbale zoswedwa zija, ndi zaka zomaliza tikuwamwetsa ndi supuni. Ukukumbuka benchi ya m'khonde la chipatala, tsiku lomwe anatiuza kuti mwana aliyense wa bambo akhoza kutengera kapena ayi, theka ndi theka, koma kuti ife awiri, popeza tinachokera m'dzira limodzi, yankho lathu ndi limodzi? Unandigwira chala n'kunena kuti, "Ndikadzayamba kugwetsa makapu ndidzadziwa. Pakadali pano andisiye ndikhale moyo." Tinalumbira kuti palibe adzayezetse. Zaka khumi ndi ziwiri ndasunga lumbirolo.

Ndaliphwanya, m'bale wanga.

Dokotalayo ndi mayi wamkulu ndithu, wolankhula mosathamanga. M'chipinda mwake muli tebulo, mipando itatu, ndi zenera losatsekeka bwino lomwe analitchinjiriza ndi buku. Anandifotokozera kuti ayamba ayeza magazi anga. Akapeza kuti ndilibe, mwana alibenso, nkhani yatha. Akapeza kuti ndinatengera, akhoza kuyeza mwanayo ali m'mimba momwemo, koma zimenezo zili ndi nthawi yake, ikadutsa yadutsa. Kenaka anafunsa ngati ndili ndi abale.

"Mmodzi," ndinatero. "Ndife mapasa."

"Ofanana?"

"Ngakhale mayi athu amatisokoneza."

Anaika cholembera pansi. "Ndiye magazi amenewa si anu nokha. Ndikakuuzani inu, ndamuuzanso iye. Mwakambirana?"

"Wavomera," ndinayankha, osaphethira n'komwe.

Ndinapinda mkono wa bulauzi ndekha. Botolo lake ndi laling'ono ngati chala, koma pomwe linkadzaza ndinkamva ngati ndikukubera uli m'tulo.

Usaganize kuti ndinachita mopepuka. Mlungu womwewo, ndili pa makina kushopu, singano inandipulumuka katatu m'mawa umodzi. Katatu! Ndinakadzitsekera m'kachipinda koyesera zovala, n'kutambasula manja pagalasi, kumawayang'ana ngati a munthu wina. Alamu ako akuti ndi njala chabe, popeza chilichonse ndikadya chikubwerera. Mwina akunena zoona. Koma telala wosakhulupirira zala zake ndi munthu womvetsa chisoni.

Milungu iwiri yodikira zotsatira inali yowawa. Alamu ako ndi munthu wofatsa, umawadziwa, koma bambo anawaona chaka chomaliza chija ndipo sanaiwale. Tsiku lina tikudya anangoti, "Mwanayu akapezeka nawo, tidzatani?"

"Mukufuna tidzatani?"

"Ine sindikufuna mwana wanga adzamangidwe pabedi ndi nsalu."

"Ndiye nenani mawuwo. Tidzatani?"

Sanawanene. Anadzuka n'kukatsuka mbale zomwe tinali tisanamalize kudyera. Ine ndinatsala ndikuwerenga zaka: bambo anakhala zaka makumi anayi ali bwinobwino, anatiphunzitsa njinga, ankaimba molakwitsa dala kuti tiseke. Kodi zaka zimenezo si moyo? Nanga khumi ndi ziwiri zodwala zija, ndani angazisankhire mwana wake akudziwa? Ndikaima uku ndimaona kuti alamu ako akulondola, ndikaima uko ndimawaopa.

Loweruka ndinapita kwa mayi. Ndinawapeza akupinda zochapa pabedi, ndipo ndinawauza za mimba yokha. Anasangalala mpaka misozi. Kenaka pakamwa panandipulumuka.

"Mayi, mukanadziwa za bambo tisanabadwe, mukanatibereka?"

Anapitiriza kupinda thaulo, kulipinda mpaka linachepa ngati kampango. Ndinkayembekeza kuti andikalipira, kapena anene kuti inde mwanawe, ukufunsa zotani. Koma anati, "Masiku ena inde. Masiku ena, bambo ako akandithira tiyi wamoto, ndinkakuyang'anani awirinu mukulemba za kusukulu n'kumati ndakulakwirani. Mwayi wanga ndi wakuti palibe anandifunsa." Atatero anandipatsa mapilo kuti ndivale nsalu zake, ndipo sitinaibwerezenso.

Lolemba lapitali linali tsiku la zotsatira. Tinakwera masitepe aja ndi alamu ako, iwo patsogolo. Dokotala anatilonjera, n'kutulutsa faelo m'kabati, n'kuiika patebulo yotseka, dzanja lake pamwamba. Ndinamuyang'ana kumaso kufuna kuba yankho, koma anthu amenewa anaphunzira kuumitsa nkhope. Pomwepo ndinaona mpando wachitatu uli wopanda munthu, ndipo ndinakumbukira iwe.

"Mwakonzeka?" anafunsa.

"Adokotala, ndinakunamizani. M'bale wanga sakudziwa kalikonse."

Alamu ako anandigwira bondo. "Iwe, tabwera kale. Timve basi."

Dokotala sanakwiye. Anati zotsatirazo ndi zanga, ndikazifuna andiuza pomwepo, palibe lamulo lomuletsa, ndipo iye sangakuimbire iwe foni ngakhale atafuna. "Koma mukatuluka pakhomo apa mukudziwa," anatero, "simudzathanso kusadziwa. Ndipo m'bale wanuyo adzakhala atayezedwa osapereka mkono." Anatsegula kalendala n'kuwerenga milungu ndi chala. Tsiku lomaliza lomwe tingamve n'kukhalabe ndi nthawi yoyeza mwana ndi Lolemba, pa 2 Juni. Faelo ija anaibwezera m'kabati n'kukhoma.

Pamasitepe alamu ako anaphulika, koyamba chikwatirane. "Yankho lili m'chipinda umo, munthu walidziwa kale, ife tikupita kunyumba ngati zitsiru! Mwanayu ndi wanga, si wa m'bale wako!" Anthu ankatidutsa akuyang'ana pansi. Komatu sananame. Mpaka lero tikulankhulana za mchere ndi makiyi basi.

Tsono imva chomwe ndalembera, ndipo sindikuzungulira. Pa 2 Juni ndikamva. Sindikukupempha chilolezo, ndingakhale ndikukunamizanso ndikatero. Ndili ndi munthu m'mimba ndipo sindingamusankhire ndili wotseka maso. Chomwe ndidzachite ndikamva sindikuchidziwa, usandifunse.

Chomwe chatsala m'manja mwako ndi ichi. Ndaganiza njira zonse zokubisira ndipo palibe yogwira. Zikakhala bwino, ndingathe bwanji kukusiya ukuopa kapu iliyonse yomwe yakupulumuka? Ndikakhala chete, chete yemweyo wakuuza. Ndipo ukangondiona, nkhope yanga ndi yako, umaiwerenga kuposa galasi. Choncho ngati ukufunabe kusadziwa, ndipo uli ndi ufulu wonse, undiuze mawu amodzi okha. Ndidzasiya kukuimbira, sindidzakutumizira chithunzi, ndipo paukwati wako mu Ogasiti ndidzadwala mutu. Ndidzachita chimodzimodzi kaya yankho ndi lotani, kuti kusowa kwanga kusakuuze kanthu. Ndidzatero mpaka tsiku lomwe udzandiitane wekha, ngakhale patapita zaka.

Koma ngati ungathe, bwera. Ndi theka ndi theka, m'bale wanga, tikhoza kutsika masitepe aja tikuseka ngati amisala. Zikavuta, zitivutire limodzi, tisamve wina kuno wina uko. Za bwenzi lako sindikulamula, koma munthu amene akufuna ana anayi ayenera kumva zoona za bambo kuchokera kwa iwe, asanavale suti.

Ukhoza kunditukwana. Imba, ulendo uno ndiyankha, ndipo ndidzakhala chete mpaka umalize.

Mayi akupereka moni, akuti mankhwala a maondo aja akuwathandiza ndipo uwatumizirenso. Sakudziwa za faelo, chonde usawauze. Alamu ako nawo akuti ndikupatse moni, ndipo ngakhale tili chonchi, dzulo ndinawapeza akukonza bedi la m'chipinda cha alendo lomwe linathyoka mwendo, osandiuza kuti akukonzera ndani. Undiperekere moni kwa bwenzi lako.

Diresi lako laukwati ndalimaliza, latsala mabatani akumsana. Ndinkaliyeza pathupi langa monga mwa masiku onse, koma kuyambira mlungu uno zipi yakana kukwera. Kwa nthawi yoyamba chibadwire, thupi langa silikundiuzanso za lako. Lifunika mwini wake adzaliyese yekha.

Basi yochokera kwanuko imafika Lamlungu masana. Pa 1 Juni ndidzakhala ndili pasiteshoni. Ukapanda kutsika sindidzakwiya, ndidzadikira anthu onse atuluke, kenaka ndidzapita kunyumba.

Ndine wako amene wakulakwira,

Mng'ono wako